Mmene Ababa Anapachikira Abusa

Ndikukumbukira chaka chimene matemba anachuluka m'nyanja ya Chilwa mpaka agalu a kwathu kwa Mwambo anayamba kuwanyoza. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chilichonse chinkanunkha nsomba: zovala, mabulangete, ngakhale makope athu a kusukulu. Ababa anali ndi mathandala anayi kuseri kwa nyumba, ndipo akatuluka m'madzi m'mawa tinkayala matemba pamenepo, akung'anima padzuwa mpaka maso kuchita kuwawa. Nanga pamene payanikidwa nsomba, khwangwala amadikira kuitanidwa?

Tsono ine ndinali ndi khwangwala wangawanga. Ndinamutola ali kamwana pansi pa mgwalangwa, phiko limodzi litathyoka, ndipo ndinamulera ndi ziwala ndi matumbo a nsomba za makumba. Phikolo linapola mokhota, moti kuuluka kwake kunali kuchoka pansi kufika pamwamba pa mtondo wosinjira, basi. Chifukwa cha kolala yoyera ija ya m'khosi ndi kayendedwe kake kodzilemekeza, ndinamutcha Abusa. Amayi, omwe anali a mvano, anakalipa kuti ndikuchita chipongwe ndi zinthu za Mulungu, koma dzina likamera silizulika. Posakhalitsa nyumba yonse inkapereka ulemu kwa mbalame mosafuna. Amayi omwewo umawamva akuitana kuti, "Lameki, tabwera udzakolope, Abusa anyera pamphasa." Ndikaweruka kusukulu, Abusa ankandichingamira panjira, akudumphadumpha chammbali, n'kundisecha m'matumba ndi mlomo. Ndinkawakonda kuposa anzanga ambiri a miyendo iwiri.

Achemwali anga a Felesiya anali aakulu kwa ine ndi zaka zisanu. Lero anthu amawatchula kuti Dokotala, osati wa jakisoni ayi, wa mabuku. Amaphunzitsa kuyunivesite, ndipo moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi funso limodzi: kodi chilango chowawa, makamaka cha kunyonga, chimaletsadi anthu kupalamula? Amalowa m'ndende kukacheza ndi anthu amene khoti linawagamula kuti aphedwe, amayenda m'midzi kukamva za anamfedwa, amafukula mafayilo akale a milandu amene chiswe chinayamba kale kuwawerenga. Ine, wokonza njinga pamsika, ndimawanyadira mopanda manyazi, ndipo makasitomala anga anatopa nayo nkhani yawo. Koma nthawi imene ndikunenayi anali kamtsikana koonda ka Sitandade 8, ka miyendo yotuwa, kodwala matenda amodzi osamva mankhwala: ukanena chinthu, kamakufunsa kuti wadziwa bwanji.

Akhwangwala a m'tchire anatizunza chaka chimenecho. Ukangotembenuka kuti ukamwe madzi, atera, ndipo zimene amamwazira pansi zinkaposa zimene amadya. Mankhwala ake aliyense ankawadziwa kuyambira kalekale: kupha khwangwala mmodzi, kumumanga miyendo, n'kumupachika chadodolido pamtengo pafupi ndi thandala kuti anzake aone. Che Adamu, amene ankagula ndi kuyanika nsomba kudoko, anali atapachika kale wawo. Ababa anayesa legeni, anayesa msampha, sabata yathunthu, osapha ndi mmodzi yemwe. Khwangwala amamudziwira patali munthu amene wabisa mwala kumbuyo.

Lachiwiri lina masana, Ababa atakhala pakhonde akusoka ukonde, Abusa anadutsa pamaso pawo akuyenda mwa ulemu wawo uja. Ababa anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena, osakweza mawu, kuti khwangwala ndi khwangwala, ndipo uyu savuta kugwira. Ine ndinadzigwetsa pafumbi. Ndinalira kuti Abusa sanabepo ngakhale kansomba kamodzi, kuti pathandala sangafikepo n'komwe. Ababa anati zimenezo akuzidziwa, koma nkhani si yoti Abusa alakwa, nkhani ndi yoti enawo aope. Ndinene pompano kuti bambo anga sanali munthu wankhanza. Anali munthu wotopa, wolowa m'madzi ozizira tsiku ndi tsiku, akuona thukuta lake likuuluka ndi mbalame.

Achemwali anagwada pafupi ndi ukonde uja n'kufunsa mwaulemu wonse ngati Ababa anaonapo ndi maso awo mankhwalawo akugwira ntchito. Ababa anaseka. Anati makolo sanali opusa ponena kuti khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Mbalameyi mantha imawadziwa. Achemwali anati mwambiwo akuumva, koma sunena kuti khwangwalayo ankaopa chiyani. Anapempha masiku atatu oti akawerenge akhwangwala otera pa mathandala. Kaya chinali chisoni, kaya ankangofuna kuona kuti misala ya mwana wawo ithera pati, Ababa anavomera: mpaka Lachisanu dzuwa likamalowa.

Inali nthawi ya holide. Lachitatu m'mamawa tinapita kudoko ndi zitini zitatu ndi kathumba ka timiyala. Che Adamu anali ndi mathandala awiri otalikirana, limodzi lili ndi khwangwala wopachikidwa uja, lina lopanda kanthu. Chapatali pang'ono panali thandala la Anasibeko, mayi wamasiye amene sankachoka pamenepo. Ankangokhala pambali akuluka mphasa. Chitini chilichonse chinali cha thandala limodzi. Khwangwala akatera, mwala m'chitini, ngwee. Tinkakhala pansi pa mthethe kuyambira dzuwa likusuzumira kuseri kwa phiri la Chisi mpaka nsomba zitaanulidwa. Ntchentche zinkatitera m'milomo, mphepo ikubweretsa fungo la matope ndi utsi wa milamba yowamba, mabwato akugundana m'mabango. Asodzi ankatiseka kuti ana awa ayamba kuombeza maula. Che Adamu okha anabwera kudzasuzumira m'zitini, anamvetsera malongosoledwe a Achemwali mpaka kumapeto, n'kutigulira zitumbuwa, ati kuti anthu a ntchito sagwira ndi njala.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Achemwali atapatuka pang'ono, ndinatapa timiyala todzaza dzanja n'kuthira m'chitini cha thandala la khwangwala wopachikidwa. Ndinkafuna kuti zioneke msanga kuti mankhwalawo ndi abodza. Madzulo Achemwali anakhuthula zitini, anawerenga, anawerenganso, n'kundiyang'ana. Kani anali akusunganso chiwerengero kumutu. Anandipotokola khutu mpaka misozi inalengeza, kenako anatenga miyala yonse ya tsikulo n'kukaitaya m'madzi.

"Miyala ikanena kuti Ababa akulondola, tikawauza zomwezo," anatero. "Wamva? Abusa sitiwapulumutsa ndi bodza."

Ndinawada tsiku limenelo. Ndinayenda kumbuyo kwawo njira yonse ndikuwatukwana chamumtima. Panatenga zaka kuti ndimvetse kuti mtsikana amene anataya miyala ija ankafuna kuti Abusa apulumuke ngati mmene ndinkafunira ine.

Lachinayi ndi Lachisanu tinawerenga moona. Ndipo ngakhale ine mbuli ndinkaona ndekha kuti akhwangwala ankatera pa mathandala onse awiri a Che Adamu mofanana. Wina anafika potera pamtengo womwewo umene mnzake ankalendewera, n'kumapukutirapo mlomo. Chitini cha Anasibeko chokha n'chimene chinkalira mwa apo ndi apo, chonsecho mayiwo analibe legeni, analibe ndodo, ankangokweza mutu. Lachisanu madzulo ndinawachonderera Achemwali kuti tikawaonetse Ababa zimene tapeza. Anakana. Anati analonjeza masiku atatu koma ali ndi awiri, ndipo masiku awiri munthu akhoza kunena kuti zangochitika. Kunyumba anagwadanso n'kuwauza Ababa kuti tsiku loyamba linawonongeka, osatchula amene analiwononga, ndipo anapempha mpaka Loweruka masana. Ababa anangoti, "Tiona." Ife tinamva ngati avomera.

Loweruka tinabwerako dzuwa lili paliwombo, zitini m'manja, ine ndikuthamanga patsogolo ndi chimwemwe. Ndinaona mtengo watsopano wa bulugama utazikidwa pakati pa mathandala athu. M'mawa umenewo, Amayi ali kuchitsime, akhwangwala anatera mwa chigulu n'kumwazira theka la nsomba mufumbi, ndipo Ababa mtima unawapsa. Abusa sanathawe n'komwe. Anazolowera kuti dzanja la munthu limabwera ndi chiwala.

Za kulira kwanga sindinena. Zimene zinakhazikika m'maso mwanga ndi zimene anachita Achemwali. Anasesa pabwalo ndi chikhatho pamaso pa Ababa, n'kukhuthula zitini zija, milu itatu. Anafotokoza mulu uliwonse osadumpha kanthu. Milu iwiri ya Che Adamu inali yosasiyana kwenikweni, pamene wa Anasibeko unali wongokwana m'dzanja la khanda. Pofika Lolemba akhwangwala anali akudya matemba athu pansi penipeni pa mapiko a Abusa.

Tsiku limenelo Ababa anaitana Achemwali pakhonde.

"Felesiya, unanena zoona, mwana wanga."

"Kawauzeni Abusa, Ababa."

Amayi anagwira pakamwa. Kwathu mwana sayankha choncho, ndipo ine ndinadikira kumva mbama. Sinamveke. Ababa anadzuka, anakazula mtengo uja, anamasula chingwe okha, n'kukakwirira mbalameyo kuseri kwa nkhokwe. Kuyambira tsiku lotsatira tinkalondera mathandala mosinthana, ndipo nsomba zinasiya kuwonongeka. Ndi Ababa omwewo amene, Achemwali atasankhidwa kupita kusekondale, anatseka pakamwa achibale onse amene ankati mwana wamkazi wakula, akwatiwe.

Zinthu zasintha. Nyanja yaphwa n'kubwereranso kangapo, matemba sachulukanso ngati kale, ndipo oyanika a masiku ano amangophimba nsomba ndi neti yakale ya udzudzu. Sindikukumbuka kuti khwangwala wopachikidwa ndinamuona liti komaliza. Ababa ndi Amayi anatisiya. Koma mkangano uja sunathe, unangosamukira kwa anthu. Kukachitika zoopsa, munthu waphedwa panjira kapena achifwamba athyola sitolo, pashedi yanga pamadzaza oweruza: anyongedwe mmodzi poyera, enawo atengerepo phunziro. Ndimawamvetsa, chifukwa mkwiyo nanenso ndimaudziwa. Achemwali sanyoza anthu otere. Amati wolira m'bale wake usamuphunzitse kaliridwe. Iwo amanena zimene apeza, kuti wakuba amaopa kwambiri diso lomuona kuposa chingwe chimene akuganiza kuti sichidzamupeza, ndipo pamene sakudziwa amanena poyera kuti sakudziwa. Khalidwe limeneli lawadanitsa ndi mbali zonse ziwiri, koma iwo ali pomwepo.

Chaka chatha anabwera kumudzi kudzalambula kumanda. Tinakhala pashedi yanga tikudya chimanga chootcha, mutu wawo utachita mbuu ndi imvi, ndipo ndinawauza zimene ndinasunga zaka zonsezi: kuti Abusa ndinawapha ndine, chifukwa ndi bodza langa limene linadya tsiku loyamba lija. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anangotembenuza chitsononkho m'manja.

"Iwe unali mwana, unkafuna kupulumutsa mnzako," anatero. "Ine ndinali ndi masiku awiri m'zitini, ndikudziwa kuti chingwe chakonzeka. Ndikanawaonetsa Lachisanu lomwelo. Ndinafuna kuti ntchito yanga ikhale yopanda banga, Abusa n'kufa akundidikira."

Anandiuza kuti mpaka lero sawonjezera ngakhale mwala umodzi pa zimene apeza, koma akamva kuti pali munthu amene moyo wake uli pachiswe, sadikiranso kuti zonse zikwane. Amanyamula zimene ali nazo n'kupita kukagogoda kumaofesi mpaka wina atsegule. Atatero anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, Dokotala wathunthu, pakati pa msika, anthu akudutsa. Ine ndinawerama n'kuyamba kupopa tayala limene linali lopopa kale.