Dzina Limene Tikondwe Anabwereka

Inu amene mwafooka chifukwa chitseko chakutsekekerani mutafika kale pakhomo, mvani za Tikondwe Nowa wa ku Msakambewa.

Chaka chimene mkulu wake Agnesi anamwalira, Tikondwe analephera mayeso a Sitandade 8 kachiwiri. Panyumba panali zii. Mayi ake, amasiye olima fodya m'mbali mwa phiri, anamva kwa anzawo kuti mwana wobwereza savuta kusiyidwa posankha opita kusekondale, pokhapokha alembetse ngati watsopano. Ambiri m'midzi ankachita zimenezi. Mayiwo anamutumiza kwa amalume ake ku Kasakula, ndipo kumeneko anamulembetsa ndi dzina la malemu.

Anakhoza mayeso ndi dzina la Agnesi. Aphunzitsi akaitana dzinalo mtima unkamuwawa, koma ankavomera. Ankawerenga ngati akuwerengera anthu awiri, mpaka anafika kukoleji ya zaulimi.

M'chaka chomaliza anasankhidwa kuti apite kunja kukaphunzira ntchito ya ulimi wothirira. Anayezetsa m'thupi, anabayitsa katemera, anagula jekete lochindikala pa kaunjika. Chinatsala ndi pasipoti yokha. Apa ndi pamene zakale zinamupeza. Kalata yomuitana ndi masatifiketi onse zinali za Agnesi. Chiphaso cha unzika, chimene anajambulitsa kumudzi pamaso pa anthu omudziwa, chinali cha Tikondwe.

"Mwa awiriwa, akupita kunja ndi uti?" anafunsa bambo wa pawindo ku ofesi ya mapasipoti ku Lilongwe, uku akumubwezera mapepala.

Anafika kumudzi maso ali gwa, misozi itamuthera mu minibasi. Mayi ake atamva, anamuuza kuti angoyesetsa kupeza chiphaso china cha dzina la Agnesi, la Tikondwe aliiwale. Sankanena mwankhanza. Ankaopa kuti bodza lawo lamupheretsa mwana mwayi.

"Amayi," anatero Tikondwe, "ndikatero ndiye kuti amene munamuika m'manda uja ndine."

Anasankha njira yaitali. Anakatenga khadi lake la ubatizo kutchalitchi. Anakwera mapiri kupita ku Kasakula kwa a Gabriel, mphunzitsi wopuma pantchito amene anamulembetsa kale lija. Kawiri konse mkuluyo anakana kumulembera kalata ya umboni, poopa kudziulula. Ulendo wachitatu anamuyang'anitsitsa mtsikanayo, fumbi lili mbuu m'miyendo, ndipo analowa m'nyumba kukatenga cholembera.

Kenaka panafunika kukalumbira ku Boma kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Mayi ake, amene chimwalirire mwana wawo sanatchulepo dzina lake pagulu, anaimirira n'kunena kuti:

"Agnesi anagona kumudzi. Uyu ndi Tikondwe, mng'ono wake. Dzina ndinamubwereka ndine. Ngati pali mlandu, ndi wanga."

Zinthu zotere sizithamanga. Ndege ya anzake inanyamuka iye akadali kuyenda ndi envulopu yake ya khaki kuchoka ofesi ina kupita ina. Zinamuwawa kwambiri, ndisakunamizeni. Ena pamudzi ankamufunsa moseka ngati kunjako ndi kudimba.

Tikondwe analembera okonza ulendowo kalata yofotokoza zonse, osabisa kanthu. Kenaka analowadi m'dimba la mayi ake, nakumba ngalande kuchokera kukasupe, ndipo mwezi uliwonse ankawatumizira zithunzi za tomato ndi anyezi wake. Miyezi isanu ndi itatu inadutsa popanda yankho.

Wachisanu ndi chinayi, yankho linabwera. Anamuika m'gulu la chaka chotsatira.

Tsiku lonyamuka, pa siteji ya minibasi ku Dowa, mayi ake anapempha kugwirako kabuku ka pasipoti kamene kanali katatuluka tsopano. Iwo sadziwa kuwerenga, choncho anamuuza kuti awawerengere zimene zalembedwamo.

"Tikondwe Agnesi Nowa."

Mayiwo anaika chala pa chithunzi. Kenaka anati, "Werenganso."

Inu amene mukukonzekera ulendo ngati umenewu, tulutsani mapepala anu lero, muwaike pamodzi, muone ngati akunena za munthu mmodzi. Mukapeza chokhota, musachikwirire ndi bodza lina. Chiwongoleni, ngakhale anzanu akusiyeni pa siteji. Tikondwe anachedwa chaka chathunthu, koma anakwera ndege ndi dzina lake. Osataya mtima.