Mbuzi ya Apongozi ndi Buku Lopanda Chikuto

Buku lija ndidakali nalo. Lili m'sutikesi pansi pa bedi, limodzi ndi khadi langa la ubatizo. Chikuto linalibe kuyambira tsiku limene ndinaligula, moti dzina lake ndi la amene analilemba sindikuwadziwa mpaka lero. Ndinalipeza ku Limbe nditapita kukagula matayala a njinga, kwa bambo wina woyala mabuku akale pakhonde la sitolo. Nditatsegula pakati ndinaona mutu wonena za kuugwira mtima, ndiye ndinati ili ndi langa, andilembera ine amenewa.

Nthawi imeneyo ndinali wa kabaza, ndipo mtima wanga unali wapachala. Kwathu ndi ku Mbombwe, koma ndinakwatira cha ku Mikolongwe, nkukamanga komweko kuchikamwini monga mwa mwambo wathu. Njerwa ndinaumba ndi manja angawa, denga ndinafolera ndekha, koma malo anali a mkazi wanga ndi amayi ake. Munda wawo, mtengo wa mango wawo, ngakhale mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba kumene kuyenda, anali wa mbumba yawo. Mkamwini akalephera khalidwe amangonyamula chikwama ndi njinga yake, basi.

Ndipo ine khalidwe linkandilephera ndithu. Tcheni chikaduka pachitunda, kapena kasitomala akandilankhula mwachipongwe, mkwiyo wonse ndinkafika nawo kunyumba. Tsiku lina ndinamenya theche chidebe cha madzi chimene mkazi wanga anali atangotula kuchokera kumjigo, ati chifukwa pampu yanga sindinaipeze pamene ndinaisiya. Pampuyo inali panjinga pomwepo, abale inu. Madzi anayenderera mpaka pamene panakhala mwana, mwana nkuyamba kulira. Mkazi wanga sanalalate. Ananyamula mwana, nkundiuza motsitsa mawu kuti ndikadzangobwereza kamodzi aitana ankhoswe, ndipo mwanayo ndizidzamuonera patali. Ndinadziwa kuti sakuseka, ndipo ndinachita mantha.

Ndiye ndinalimbana nalo bukulo ndi Chingerezi changa cha Fomu 2. Ndinkawerengera pasiteji, pansi pa bulugamu, podikira makasitomala. Anzanga ankandiseka kuti ndikukonzekera mayeso a kabaza, ena nkumanditcha abusa, koma ndinalibe nazo ntchito. Mawu ovuta ndinkangowalumpha. Zimene ndinkamva ndi izi: mkwiyo sugwa ngati mphezi, uli ndi pamene umayambira m'thupi, ndipo munthu azipadziwa pamenepo. Wanga ndinaupeza kuti umayambira m'makutu, kutentha. Bukulo linkati zikatero uwerenge chamumtima mpaka teni. Ine teni sankandikwana, ndinkafika sate. Linkatinso zikakanika uchoke pamalopo ukayende, komanso mnzako akamalankhula umusiye amalize usanayambe kukonza yankho. Chimenechi chinandipweteka, chifukwa mkazi wanga ndinali ndisanamulolepo kumaliza nkhani.

Zinagwira ntchito, ndisaname. Panapita miyezi itatu osamveka mawu anga kuseri kwa mpanda. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tinkakhala pamphasa pansi pa mango, tikusenda nandolo, ine ndikumumasulira mkazi wanga zimene ndawerenga sabata imeneyo. Iye ankaseka mpaka kugwira nthiti, ati kani azungu nawonso amamenya zidebe. Mwana ankakwera pamsana panga nkumakoka makutu omwe aja otentha. Ndinayamba kudzimva kuti ndine munthu wophunzira, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaterera.

Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, nyumba yawo inali pafupi ndi yathu, pakati mpanda waudzu wokha. Amuna awo anali atamwalira kalekale. Zaka zinayi ndili pamudzipo, nkhope yawo ndinali ndisanaiyang'anepo, nawonso yanga ayi. Si chidani, ndi ulemu umene tinaupeza. Tikakumana panjira iwo ankapatukira m'munda, ine kutsika njinga, kuvula chipewa, kuyang'ana kumbali, moni nkupatsirana patali. Ndinkawadziwa ndi chitenje chawo chobiriwira, mapazi awo ang'onoang'ono ndi mawu awo. Chonena chilichonse chinkadzera mwa mkazi wanga. Anali Alomwe enieni, agogo awo anachokera ku Mozambique, ndipo ankaweta mbuzi zitatu zimene ankazikalipira mu Chilomwe tsiku lonse. Ine Chilomwe ndinkangotolako moni.

Chaka chimenecho ndinafesa nazale ya tomato kuseri kwa nyumba, nkumathirira m'mawa uliwonse ndisanapite kusiteji. Mbande zitangofika poti nkuwokera, mbuzi yawo yaikazi, yamawanga, inadula chingwe nkuboola mpanda. Ndinapeza zitsa zokhazokha. Makutu anatentha ngati ndawayandikiza pambaula. Ndinawerenga mpaka sate, sizinathandize. Ndinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu nkubwerako, mtima nkutsika. Sindinakuwe, sindinamenye mbuzi, ndipo ndinadzitama chamumtima kuti lero ndiye ndapambana.

Ndikanangolekera pomwepo. Koma ayi, ndinakatsegula buku. Panali mutu umene ndinali nditangoumaliza, wonena kuti ukalakwiridwa usatume munthu, chifukwa mawu otuma amafika atapindika. Upite wekha, ukhale naye pafupi moyang'anizana, umuyang'ane m'maso, nkumuuza modekha mmene ukumvera. Ndinaona kuti ndi nzeru zakuya. Mkazi wanga anali kumjigo, panalibe wondigwira malaya.

Ndinawapeza pakhonde akupeta nyemba. Ndinalowa pabwalo lawo osaodira patali, nkukakhala pamphasa yomweyo imene anakhalapo iwo. Ndinadzutsa mutu, maso anga pa maso awo.

"Amayi, ndakhumudwa ndi zimene mbuzi yanu yachita, ndiye ndabwera kuti tikambirane."

Ndinaona mphini ziwiri patsaya lililonse, ndi maso aakulu ofanana ndi a mwana wanga. Kanali kanthawi kochepa chabe. Lichero linagwa, nyemba mbwee pansi. Anakoka chitenje nkuphimba kumaso, kulowa m'nyumba chokwawa, chitseko nkutseka. Amayi awiri amene ankasinja panyumba yoyandikana anaimitsa misi m'mwamba. Ine ndinatsala ndekha pamphasa ya apongozi, nkhuku zikutola nyemba pamapazi anga.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itazungulira mudzi wonse. Ena amati ndinaledzera, chonsecho mowa sindinaulawepo. Ena amati mabuku andizunguza mutu. Mkazi wanga analira, ndipo anandiuza kuti kukuwa kwanga konse kuja sikunamuchititsepo manyazi ngati zimenezi, chifukwa wokuwa anthu amati ndi mtima, koma wokhala pamphasa ya apongozi amati wawanyoza dala. Ndinayesa kumuonetsa tsamba lake m'bukumo. Anandifunsa ngati wolembayo anakhalapo pachikamwini.

Amalume a mkazi wanga, amene anali nkhoswe ya kuchikazi, anatumiza mawu kuti Loweruka tikhale pansi, ndipo nkhoswe yanga ibwere kuchokera ku Mbombwe. Zimenezo zinali Lachiwiri. Sabata imeneyo ndinapalasa njinga ngati munthu wodwala. Apongozi sankatulukira mbali ya kwathu, mbuzi ankakamanga kutali. Ndikafika kunyumba ndinkangomunyamula mwana osamutsitsa, mpaka iye kutopa nane. Chinkandiwawa kwambiri nchoti ndichoka pamudzi pano osati chifukwa cha mkwiyo umene ndinaugonjetsa, koma chifukwa cha mankhwala ake.

Lachisanu m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, ndikumata chubu. Ndinamva mapazi mbali inayo, kenako mbuzi kulira. Anali apongozi, akumanga yamawanga ija pamtengo wa gwafa, pamalo amene sankamangapo. Ndinati ndinyamuke ndiwapatse mpata, koma anayamba kuikalipira mbuziyo, ndipo ndinaima chilili. Sankalankhula Chilomwe. Ankalankhula Chinyanja, pang'onopang'ono, ngati mmene amalankhulira ndi mwana.

"Iwe mbuzi, ulibe manyazi. Unadya tomato wa eni ake, amene anathirira ndi thukuta. Walakwa, ndipo mwini wako walakwa, chingwe chinali chofumbwa. Munthuyo miyezi itatu sitinamve mawu ake, mwana wanga wayamba kunenepa, ife timaona. Akanakhala wakale uja bwenzi uli ndiwo. Koma wina akamuuze kuti maso akewo aziwasunga. Ife tinakula mwina."

Misozi inalengeza, ine bambo wandevu, chubu chili m'manja. Ndinasowa kuti ndiyankhe bwanji, chifukwa kuyankha iwo ndiye kubwereza mlandu. Ndinayang'ana uku ndi uku, chimene chinali pafupi ndi njinga yanga, itagona chagada. Ndinaigwira tayala.

"Njinga iwe, ukumva? Mwini wako ndi chitsiru. Anawerenga za kwa eni nkuiwala za kwawo. Sadzabwerezanso, ndipo akupepesa ndi mtima wonse."

Mbali inayo ndinamva kakuseka kotsekera m'chitenje, apongozi nkuiuza mbuzi ija kuti njinga imeneyo ili ndi nzeru kuposa woikwera.

Loweruka ankhoswe anabwera ndithu. Apongozi anatuma mkazi wanga kukanena kuti mlandu palibe, nkhani inatha dzulo. Amalume anafunsa kuti yatha bwanji anthu osalankhulana, koma palibe anawayankha. Anangogamula kuti ndipereke tambala wopepesera, ndinapereka, alendo anamwa thobwa nkubwerera. Sabata yotsatira ndinapeza mbande za tomato zokulunga m'masamba a nthochi zili pampanda, mbali ya kwathu.

Kuyambira pamenepo tinkacheza choncho, zaka zambirimbiri. Yamawanga ija itagulitsidwa ankauza mwana wake, mbuzi zitatha ankauza nkhuku. Ine njinga yomweyo. Nkhuku inkauzidwa kuti denga la kukhitchini likudontha, njinga nkuuzidwa kuti Loweruka tikamweta udzu. Ndikabwera nkhope ili gwa, nkhuku inkafunsidwa kuti kaya lero afika pa sate kapena apitirira, chifukwa mkazi wanga anali atawaululira za kuwerenga kwanga. Ndinkaseka, mkwiyo nkuthera pomwepo. Zinthu zina zimene sindikanatha kuuza munthu, monga mantha amene ndinali nawo mkazi wanga atadwala pa mimba yachiwiri, ndinauza njinga pampanda paja, ndipo nkhuku inalangizidwa bwino kwambiri tsiku limenelo. Buku ndinkawerengabe, linandithandiza zambiri, koma mutu uja ndinaupinda pakona.

Lero zinthu zinasintha. Mwana uja anakula, anakwatiwa, ndipo mkamwini wathu amapatsana moni wa pamanja ndi mkazi wanga, nkumatumizirana mauthenga pafoni. Ndi mnyamata wabwino, sindidandaula. Malangizo a kuugwira mtima amamvera pafoni pomwepo, ena amanditumizira ine. Koma mpanda uja unagwa ndipo palibe anaona chifukwa choumangiranso.

Apongozi atakalamba maso awo anachita ng'ala, miyendo nayo nkuyamba kutupa. Kuchipatala cha ku Mauwa ndinkawapititsa ndine. Poyamba anakana kukwera njinga ya mkamwini, koma wapansi sakanatha. Ankakhala pakaliyala chammbali, atagwira chitsulo, malaya anga osawakhudza ngakhale pabampu. Njira yonse ankalankhula ndi njinga, ine nkumayankha njinga yomweyo, anthu panjira nkumatiyang'ana modabwa.

Ulendo womaliza tinaima panjira pobwerera kuti apume, pansi pa mtengo wa mango wa eni ake. Anakhala pamuzu, ine ndinakhala potero, nditawafulatira pang'ono monga mwa masiku onse. Kenako analankhula, osati kwa njinga.

"Bambo, tembenukani. Ndiyang'aneni monga linanenera buku lanu lija. Ine sindikuonaninso, palibe mlandu."

Aka kanali koyamba kundilankhula ine mwini. Ndinatembenuka. Ndinaona mapazi aja, atatupa, ndinaona chitenje, ndinafika pa manja ali pamaondo. Pamenepo khosi linakana. Ndinayesa ndithu, Mulungu ndi mboni, koma mutu sunadzuke. Makutu anatentha, koma sunali mkwiyo. Ndinagwira chishalo cha njinga nkuiuza kuti iwauze amayi kuti mwini wake walephera.

Anaseka mpaka kutsokomola, nkunena kuti ndiye kuti kwathu anandilera bwino.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa chaka chomwecho. Pa tsiku la maliro anthu akudutsa kukaona nkhope, ine ndinaima panja pafupi ndi njinga. Chithunzi chawo tilibe. Adzukulu akandifunsa kuti agogo aakulu ankaoneka bwanji, ndimawauza za mphini ziwiri patsaya ndi maso aakulu, zimene ndinaona kamodzi kokha, tsiku limene ndinawalakwira.