Nyimbo ya Sopo

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kuokushoni kawiri. Bambo, amene boma linawatumiza ku Mhuju kuchokera ku Dedza ngati mlangizi wa zaulimi, anali atamwalira kale. Pakhomo tinatsala atatu: amayi, achemwali anga a Esnart, ndi ine. Nditawauza amayi, sanandiletse. Anangoti, "Bola uziimba foni, Lameki."

Ntchito ndinaipeza pamalo ochapira nsalu za m'mahotela. Tsiku lonse makina ankangolira, anzanga akucheza m'zinenero zomwe sindinkamva. Ndalama ndinkatumiza, koma osati mwezi uliwonse, ndipo mwezi umene ndalephera ndinkachita manyazi kuyankha foni. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha choncho.

Popinda nsalu ndinkaimba chapansipansi nyimbo yotsatsa sopo imene inkamveka pa wailesi tili ana. Sopoyo anasiya kupangidwa kalekale, koma nyimboyo amayi ankaikonda pochapa: "Chapa, tsukuluza, yanika, dzuwa likadalipo." Ine ndinkaiimba pang'onopang'ono, ndi mawu a besi, ndipo nthawi zina ndinkapukuta misozi ndi pilokesi ya eni ake. Sindinkakayika kuti umo ndi mmene inkaimbidwira.

Tsiku lina a Esnart ananditumizira uthenga wa mawu. "Amayi ayamba kuiwala. Dzulo anasochera, tawapeza panjira ya ku Nchenachena. Ubwere akadakudziwa." Ndinayankha kuti ndikukonzeka. Ndinakonzeka miyezi isanu ndi itatu. Kunena zoona, ndinkaopa kufika chimanjamanja.

Nditatsika minibasi pa Mhuju ndinawapeza amayi pakhonde, atavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Ndinagwada. Anandipatsa dzanja mwaulemu.

"Mwafika bwino, bambo? Mukufuna ndani?"

Masiku atatu ndinayesa zonse. Ndinawaonetsa zithunzi, ndinatchula dzina la bambo, la galu wathu wakale. Ankangomwetulira ngati akumvera mlendo. Tsiku lachinayi m'mawa, a Esnart akuchapa zofunda zomwe amayi anaipitsira, ndinakhala pambali pawo n'kuyamba nyimbo ya sopo, mmene ndinkaimbira ku Joni. Amayi anaweramitsa mutu.

"Amwalira ndani?" anafunsa.

"Iwe, siya!" a Esnart anadzuka thovu lili m'manja. "Waitsitsa, waikoka ngati ya pamaliro. Nyimbo imeneyo ndi yothamanga. Kweza mawu!"

Anatembenuza beseni n'kuyamba kuligogoda mofulumira, akuimba ndi mawu okwera, kumapeto n'kuliza kamluzu ngati mmene zinkamvekera pa wailesi. Amayi anadzutsa mutu. Anawomba m'manja, mapewa akugwedezeka, n'kuimba mawu onse, ngakhale ndime yachiwiri imene ine ndinali nditaiwaliratu.

"Ndimawaimbira m'mawa uliwonse," anatero a Esnart akubwerera pa zochapa. "Ukaichedwetsa amalira. Ukaithamangitsa amadzuka okha kupita kubafa."

A NyaGondwe, oyandikana nafe, anali ataima pampanda akuseka. "Tose tikuyimanya chomene," anatero m'Chitumbuka, kuti onse amaidziwa bwino. Ndinamva kuti amayi akatuluka osaoneka, aliyense wowapeza, kaya wogulitsa tomato kumsika, kaya wa kabaza, amangoyamba nyimboyo, iwo n'kumutsatira mpaka kunyumba. A Esnart anawaphunzitsa mmodzimmodzi. Ine ndinkaganiza kuti pakhomo pankaima ndi zimene ndinkatumiza. Anthu anali atapeza kale njira yawo yowasamalira, ndipo amene sankaidziwa ndinali ine ndekha.

Ku Joni sindinabwerereko. Amayi sananditchulepo dzina mpaka lero.

Mwezi watha a Esnart anapita ku Hewe ku ukwati wa mnzawo. Kanali koyamba kwa iwo kugona kutali ndi amayi pa zaka ziwiri. M'mawa mwake a NyaGondwe anabwera kudzawasambitsa amayi, koma amayi anakaniratu kudzuka pampando. Ndinatenga beseni. Nyimboyo ndinaiyamba pamwamba kwambiri mpaka mawu anandithawa, koma liwiro lake ndinalipeza. Amayi anadzuka, akuvina pang'ono, n'kundigwira dzanja. Pakhomo la bafa anaima n'kundiyang'anitsitsa.

"Mumayesetsa, bambo," anatero. "Koma mudzamumve mwana wanga Lameki akadzabwera. Amaimba kuposa apa."

"Yewo, amayi," ndinathokoza. "Ndidzamumva."