Makolona Amene Sanapite ku Roma

Chitaliyana ndinachiyambira kusukulu ya mishoni kufupi ndi Chegutu, kwa sisitere wina wokalamba wa ku Italy. Ndinali mwana wosalankhulalankhula, ndipo iye m'malo mondifunsa mafunso ankangondibwereka mabuku. Agogo anga, amene anandilera ku Ingezi, m'tauni ya Kadoma, makolo anga atamwalira, ankati mabukuwo ndi a mapemphero. Ndinapitiriza nawo mpaka kuyunivesite ku Joni.

Nditamaliza digiri yomaliza, yunivesite ina ya ku Mangalande inandiitana kuti ndikakhale mlendo wawo miyezi ingapo. Imatero ndi anthu ongoyamba kumene kufufuza zolemba za Chitaliyana: amakupatsa chipinda ndi laibulale, iwe n'kumalemba buku lako. Pafoni ndinangowauza agogo kuti Chitaliyana chija chikunditengera kutsidya kwa nyanja. Kwa iwo, wa Chitaliyana akawoloka nyanja ndiye kuti wapita ku Roma, kwina kulibe. Analengeza m'tchalitchi kuti mdzukulu wawo anyamula makolona a aliyense wofuna kuti Apapa akawadalitse.

Izi sindinkazidziwa. Ndinafika ku Kadoma kudzatsanzika Lachinayi masana, tsiku la mphakati, pamene amayi a m'dera lathu amasonkhana kupemphera. Anali atadzaza pabwalo pathu. Patebulo anayala chitenje, ndipo mayi aliyense ankati akafika n'kuikapo kolona wake. Agogo anavala duku latsopano, atakhala mowongoka ngati nsana sunawapwetekepo. Achitsikana ankandiseka m'Chishona kuti ndine muzukuru wa Roma, ndikabwere ndi mlamu wa mphuno yaitali.

Ndinakhala pamphasa ndikuyang'ana mulu uja ukukula. Ndinaganiza zongowanyamula, ndikapeze wansembe aliyense ku Mangalandeko. Koma panali mayi wina, mnzawo wa agogo kuyambira amuna awo akugwira ntchito kumgodi ku Chakari, amene anakwera kombi kuchokera ku Chegutu ndi kolona wa malemu mwamuna wake, wakuda, wolumikizidwa ndi waya podukapo. Anandigwira dzanja n'kundifunsa tsiku limene Apapa adzadalitse, kuti iye adzasale kudya tsikulo.

"Amayi, ine sindikupita ku Roma," ndinatero. "Ndikupita ku Mangalande."

Wina anafunsa ngati ku Mangalande kulinso Ataliyana. Ndinayamba kufotokoza za laibulale, Chichewa changa chikuthawira ku Chishona, mpaka wina anati ndiye zili ngati kupita ku Bulawayo kukaphunzira Chichewa. Anaseka awiri atatu, kenako anaona nkhope ya agogo n'kusiya.

"Aliyense atenge wake," anatero agogo.

Koma makolonawo anali atapiringizana. Ndinatambasula dzanja kuti ndithandize, agogo analikankha osandiyang'ana. Anawamasula okha, mmodzimmodzi, ndi zala zawo zotupa zija, amayi ataima mowazungulira, wina akuti wanga ndi wa buluu, wina akuti wanga mtanda wake ndi wopindika. Palibe anakumbukira zoyamba nyimbo. Mayi wa ku Chegutu anakulunga wake m'kampango, nati athamangire kombi.

Anthu atapita, agogo anavula duku lija n'kulipinda bwinobwino.

"Ukanandiitanira kukhitchini, mwanawe. Ndikanawauza ndekha."

Ndinakula ndikudziwa kuti wamkulu sumuwongola pamaso pa alendo, koma tsiku limenelo ndinakhala chete pamene ndikanatha kunong'ona, n'kudzalankhula aliyense akumva. Lachinayi lotsatira agogo sanapite kumphakati. Anati mwendo wawavuta, komabe ndinawaona akulima kuseri kwa nyumba.

Ku Mangalande anandipatsa chipinda choyang'ana pabwalo la udzu, ndi khadi lolowera m'laibulale. Anzanga ankandifunsa zomwe kwathu ananena atamva kuti ndasankhidwa, ine n'kumati anasangalala. Lachinayi lililonse, nthawi ya mphakati ikakwana ku Kadoma, ndinkatuluka pakhonde n'kuimba foni. Agogo ankayankha msanga, kumbuyo kukumveka wailesi ya m'nyumba mwathu. Tinkakamba za mvula ndi za magetsi.

Kunja kutayamba kuzizira kwenikweni, Lachinayi lina foni inaitana mpaka kuduka. Sindinaimbenso tsiku limenelo. Mawa lake agogo anandiuza kuti anaisiya pawindo, chifukwa kumphakati sapita ndi foni. Za makolona sanatchule, ndipo mayi wa ku Chegutu uja mpaka lero sindinafunse ngati amabwerabe kudzacheza.