Bateriya ya m'nkhokwe ya apongozi

Mota ija sinali yanga. Abambo a ku mishoni pothawa nkhondo anandisiyira njinga yamotoyo kuti ndiwasungire, poti ndinali mphunzitsi wawo ndipo ankaganiza kuti ndine wanzeru. Inenso ndinkaganiza chomwecho. Ndinali pa chikamwini ku Domwe, ndipo nzeru yoibisa m'nkhokwe ya apongozi anga aakazi inali yanga ndekha. Tinaikweza anthu anayi, kuitsamiritsa kukhoma, n'kuthira chimanga mpaka zogwirira zinabisika. Asilikali anadutsa kawiri, anatapa chimanga chapamwamba, mota osaiona. Mwezi wathunthu ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako mlamu wanga, mwana wamwamuna yekhayo wa apongozi, anaponda bomba lokwirira popita ndi mbatata ku Kalomwe. Anzake anamunyamula kuwoloka naye malire mpaka kuchipatala ku Dedza. Mng'ono wawo wa apongozi, wokwatiwa kumeneko, anatumiza mawu kuti njira yaipa tisapite, zikavuta akalengezetsa pa wailesi nthawi ya mauthenga a maliro. Ndiye madzulo aliwonse dzuwa likapendeka tinkazungulira wailesi kumvetsera mayina a anthu akufa, uku tikupempha Mulungu kuti lathu lisatuluke.

Tsiku lachinayi mapilya, mabatire a wailesi aja, anatha. Tinawayanika padzuwa, tinawaluma ndi mano, koma wailesi inangokhosomola n'kukhala chete. Apongozi sanadye. Apa ine mwini nzeru ndinauza mkazi wanga kuti akawauze mayi ake asadandaule, bateriya ya mota mphamvu yake ndi yofanana ndi mapilya anayi, ndipo ndiitulutsa madzi asanawire pamoto. Mawu ankadzera mwa mkazi wanga chifukwa ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire.

Ndinasuntha denga la nkhokwe, ndinalowa ndi shave, chitsulo chomasulira, m'manja, n'kuyamba kufukula chimanga ngati nkhuku. Mpamene ndinakumbukira kuti kabokosi ka bateriya kali kumanzere, mbali imene ine ndemwe ndinaipanikiza kukhoma. Kutulutsa mota yonse kunali kuitana asilikali. Ndinagona chamimba pampando wake, mutu pansi miyendo m'mwamba, n'kulowetsa dzanja pakati pa chitsulo ndi nsungwi za khoma. Zala zitangokhudza palafuzo, kamsomali kopota kogwira chivundikiro, shave anapulumuka n'kumira m'chimanga. Nditati ndibweze dzanja, linakana. Wotchi yanga yakufa, imene ndinkangovala kuti anthu adziwe kuti ndinapita kusukulu, inali itakola nsungwi.

Anankafumbwe anandilowa m'mphuno, magazi anadzaza m'mutu. Ndinatukwana amene anapanga motayo, ndinatukwana ndi abambo a ku mishoni omwe, Mulungu andikhululukire, zonsezo m'Chipwitikizi kuti apongozi asamve. Kunja ankangoona miyendo iwiri ikupalasa m'malere. Mkazi wanga anandifunsa katatu ngati ndikufuna thandizo, ndipo katatu konse ndinayankha kuti zatsala pang'ono. Ndinkaopa manyazi kuposa kufa, chikhalirecho dzuwa linali kupendeka.

Ndinamva apongozi akufunsa mwana wawo kuti chinthucho chili mbali iti. Kenako go, go, go, kunja kwa khoma, pafupi ndi khutu langa. Anagumula dothi ndi chikwanje, nadula nsungwi zitatu. Kuwala kunalowa, ndipo nkhope imene ndinali ndisanaiyang'anepo zaka zisanu inali apa ndi apa ndi yanga, ine ndili chadodolido.

"Aphunzitsi," anatero kwa ine mwini, osadzeranso mwa munthu, "khoswe akafuna chimanga sayambira kudenga."

Anandimasula wotchi ija n'kuiponya pansi. Palafuzo anamumasula ndi nsonga ya mpeni wosendera mbatata. Nzeru yokhayo imene ndinaperekapo tsiku limenelo inali yakuti ayambe kuchotsa waya wakuda. Bateriya inatuluka pabowopo mosavuta ngati dzira m'chisa.

Mmene ndinkalumikiza mawaya, wolengeza anali atayamba kale. Tinamva mayina otsalawo mpaka kumapeto, la mlamu panalibe. Mkazi wanga mtima unakhala pansi. Koma apongozi anandiyang'ananso kachiwiri.

"Nanga amene tawaphonya aja, anali ndani?"

Ola lathunthu ndinaliwononga ndi matama, ndipo mayi amene anangofuna kudziwa ngati mwana wawo ali moyo anayenera kudikiranso tsiku lina. Sanandikalipire. Anakanya dothi, namata bowo lija, nakakhala pakhonde kuyang'ana kumalire. Bola akanandikalipira.

Mawa lake a wailesi anabwereza mauthengawo, tinamva kuyambira dzina loyamba, ndipo la mlamu panalibe. Mlamu anabwera nyengo yokolola, ndi mwendo umodzi ndi ndodo. Wotchi ija apongozi anandisungira bwinobwino, anaitumiza mwa mkazi wanga ataipukuta, koma sindinaivalenso.