Makalata Amene Sanabwerere kwa a Kope

Mu kamsewu kotsikira ku positi, pakati pa shopu ya telala ndi ya wokonza mafoni, muli kachipinda kopanikizika moti anthu atatu akalowamo wachinayi amaima pakhomo. M'menemo mumagwira ntchito bambo wina amene aliyense amangowatchula kuti a Kope. Dzina lawo lenileni lilipo, koma ngakhale akazi awo amalikumbukira pokhapokha akakwiya. Katundu wawo ndi makina amodzi a fotokope, tebulo, sitepula, ndi mpando umene sakhalapo chifukwa pamakhala mapepala.

Ntchitoyi anaiyamba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, itatsekedwa kampani yosindikiza mabuku kumene ankawerenga masamba kufunafuna zolakwika. Chizolowezi cha kumeneko sichinawachoke. Pepala lililonse limene apatsidwa, maso awo amayamba alidutsa asanaligoneke pagalasi. Sachita dala. Amadziwa amene akusudzulana, amene akugulitsa malo a makolo, amene akufunsira ntchito kwina abwana ake asakudziwa, koma pakamwa pawo mpotseka.

Chimene chimawakoka mtima ndi nyengo yofunsira malo ku yunivesite. Ana omaliza sekondale amafola mpaka pakhonde la telala, aliyense satifiketi ndi fomu m'manja. Pa mayeso omalizira sekondale wokhoza kwambiri ndi amene ali ndi mapointi ochepa. A Kope amaona mapointi, dzina la sukulu ndi maphunziro amene mwana wasankha, n'kusunga zonse m'mutu. Pakapita miyezi, ena mwa anawo amabweranso kudzajambulitsa kalata yowaitana ku yunivesite. Ena saonekanso. Motero chaka ndi chaka bamboyu anadziwa kuti wa mapointi akuti, wochokera ku sukulu yakuti, wofuna zakuti, amabwerera kapena sabwerera.

Mbiri inawanda, makolo nayamba kubwera kudzafunsa asanadzaze fomu.

"Achimwene, ingoikani chikwangwani," ankatero telala, tepi ili m'khosi. "Mulembepo kuti pano timajambula ndi kulosera."

"Ine sindilosera," a Kope ankayankha. "Ndimangowerenga amene abwera."

Chaka chino nkhani inalowa m'nyumba mwawo. Chitsirizira wawo, mtsikana wosayankhulayankhula, anapeza mapointi khumi ndi limodzi pa sekondale yoyendera ya kuseri kwa depoti ya mabasi. Ankafuna uinjiniya ku yunivesite yaikulu, kumene ofunsira amakhala nkhaninkhani koma otengedwa ochepa. Fomu inali ndi mizere itatu, ndipo mzere woyamba ndiwo umalemera. Ukaikapo malo ovuta n'kuphonya, umapeza kuti malo a mzere wachiwiri adzaza kale ndi amene anawaika poyamba, iwe n'kukhala pakhomo chaka chathunthu. Mafomu ankatsekera Lachisanu.

Lachiwiri mtsikanayo anabwera ku shopu atadzaza fomu yake ndi pensulo. Bambo ake anaiyang'ana kamodzi kokha.

"Fufuta mzere woyambawo, mwanawe. Ikapo uphunzitsi."

"Ababa, mapointi anga si oipa."

"Sindinati ndi oipa. Koma a ku sukulu yako amene anaika uinjiniya poyamba ndajambula mafomu awo makumi awiri ndi atatu. Ena anakuposa. Wobwera ndi kalata pano? Palibe ndi mmodzi yemwe."

"Mwina ndiyamba ndine."

"Onse makumi awiri ndi atatu aja ankatero."

Mtsikanayo anapinda fomu ija pakati, chinthu chimene ankadziwa kuti bambo ake amadana nacho, n'kutuluka.

M'mawa mwake, cha m'ma teni, munalowa mayi wachisikana wovala majombo a fumbi, chipewa cholimba chili m'khwapa. Anatambasula patebulo mapulani a mlatho, aakulu kuposa galasi la makina, nafunsa ngati angajambulidwe zigawozigawo. A Kope anavomera. Potembenuza pepala loyamba anaona dzina pakona, pamene amalemba wojambula pulani. Nkhope za anthu amaiwala, koma dzina limene analiwerengapo papepala saliiwala.

"Pepani mayi," anatero. "Kodi sindinu munaphunzira kuseri kwa depoti? Mapointi khumi ndi awiri, masamu munakhoza kuposa zonse, Chingelezi chinakuvutani pang'ono?"

Mayiyo anagwira pakamwa n'kuseka. "Bambo inu! Papita zaka khumi. Mukufuna kundiyalutsa pamaso pa anthu?"

"Ayi, n'kufunsa chabe. Munalowera kuti atakukanani ku yunivesite yaikulu?"

"Atandikana ndani? Ananditengatu. Mlatho uwu ukuoneka ngati wa munthu wokanidwa?"

Makina anali kulira, koma a Kope anaiwala kuikapo pepala lachiwiri.

"Nanga kalata munakajambulitsa kuti? Pano simunabwere nayo."

"Inafikira ku sukulu. Za ku yunivesite yaikulu zimadzera kwa ahedi, sizibwera kunyumba ngati zinazi. Ahedi athu anakondwa moti anaijambula okha pa makina a mu ofesi, makope khumi, osapempha. Imodzi anaikhoma pa bolodi. Amatero ndi aliyense, mpaka lero. Akuti alendo aziona."

"Aliyense? Alipo enanso?"

"Amene ndikuwadziwa ine ndi atatu. Bwanji, bambo? Mwaoneka ngati mwameza sitepula."

A Kope anamaliza ntchito ija mosamala, nasanja zigawo zonse m'ndondomeko yake. Mayiyo atapita, anaima kanthawi akuyang'ana galasi lopanda kanthu. Anakumbukira mwana wa woyendetsa minibasi amene anamufufutitsa mzere woyamba chaka chatha, ndi mapasa a mayi wogulitsa malasha. Onsewo anamvera, makolo awo n'kuthokoza.

Anakoka chitseko n'kukhoma loko dzuwa lili paliwombo.

"Kwagwanji?" anafuula telala. "Kuli maliro?"

"Ndikupita ku sukulu."

"Pa msinkhu umenewo? Mudzandiuze ndikusokereni yunifolomu, kabudula wake wamkulu!"

Pa sekondale paja anali atafikapo kangapo pa misonkhano ya makolo, koma ankathera mu holo. Ulendo uno anapempha mlonda kuti awalozere ku ofesi ya ahedi. Bolodi inali pakhoma la m'khonde, yotchingidwa ndi galasi long'aluka pakona. Makalata anali momwemo, ena atafiira ndi dzuwa, ena inki itazilala. A Kope anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba, chala chikuyenda pagalasipo. Kalata za udokotala ndi za malamulo anazidumpha. Za uinjiniya anapeza zisanu ndi ziwiri, ndipo dzina lililonse analidziwa, pamodzi ndi mapointi ake. Awiri anali ndi asanu ndi anayi. Mmodzi anali ndi khumi ndi atatu, chimene chinawadabwitsa koposa. Anafunitsitsa kudziwa kuti ameneyo analowa bwanji pamene wina wa mapointi khumi, chaka chomwecho, dzina lake panalibe. Mlembi wa pa sukulu, atafunsidwa, anangoti osankhawo amayang'ananso masamu ndi sayansi paokha, komanso zimatengera kuti chaka chimenecho ofunsira achuluka bwanji.

"Ndiye munthu sangadziwiretu?"

"Akanadziwiratu bwenzi tikuvutikiranji, bambo?"

Atafika kunyumba anapeza mwana wawo akuchapa kuseri. Anakhala pa chidebe chovundikira, nayamba kufotokoza zimene anaona, osawonjezera, osachotsera.

"Asanu ndi awiri mwa makumi awiri ndi atatu," anamaliza. "Enawo khumi ndi asanu ndi mmodzi sanatengedwe, ndipo angapo anakhaladi pakhomo. Zimenezo usaziiwale. Koma zoti palibe ndi mmodzi yemwe, ndinakunamiza. Ndinkawerenga pakhomo panga pokha."

Mtsikanayo anapukuta thovu m'manja. "Amene anatengedwawo masamu anakhoza bwanji?"

"Anayi anakuposa. Atatu ukufanana nawo."

"Ndiye mukuti ndilembe chiyani?"

"Ine ndayankhula kokwanira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyankhula."

"Ndikaphonya mudzandinena?"

"Amayi ako adzanena ine, osati iwe. Ukaphonya udzakhala pakhomo pano chaka chimodzi, tidzayesanso. Chakudya sichidzakuthera."

Mwanayo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi fomu ija. Mzere woyamba unali wofufutidwa kale, pepala litachita kupyapyala, koma uphunzitsi anali asanalembepo. Anaisanjika pa bondo, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Ababa, ndibwerekeniko bolopeni."

A Kope anaisolola m'thumba la malaya n'kumupatsa. Iye analemba uinjiniya pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, kuti liwulo lisatuluke mu mzere.

"Mawa tidzere ku positi m'mamawa," anatero bambo ake, "anthu asanachuluke."