Tsitsi la Maliro a Bambo

Bambo anamwalira mvula itangoyamba, ndi chifuwa chimene anabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anatisiyira njinga yakuda, chipewa ndi jekete lolemera, basi. Titawaika, abambo aang'ono anatiitana anafe pakhonde n'kutiuza mwambo. Lumo lisayende pamutu pa aliyense mpaka titakolola, mowa utaphikidwa, amayi atavula zitambo, zingwe zija amasiye amavala kumutu. Tsiku limenelo tidzametedwa tonse, tsitsi lathu n'kukwiriridwa dzenje limodzi, ndiye kuti bambo tawaperekeza. Ponena izi ankayang'ana ine, poti ndine woyamba kubadwa, komanso poti mtima wanga ankaudziwa.

Sukulu ndinasiyira Sitandade 6, tsiku limene ndinalanda ndodo m'manja mwa mphunzitsi n'kuithyola pabondo. Bambo anamva nkhaniyo m'kalata ali pansi pa nthaka kutali uko, akupuma fumbi kuti ine ndiphunzire. Ali moyo sindinawachitire chooneka. Ndiye ichi chokha cha tsitsi ndinati ndichita, zivute zitani.

Ntchito yanga inali kutsika ndi njinga ija ku Bwanje kukatenga mpunga, n'kukwera nawo kukagulitsa ku Manjawira. Masiku amenewo wailesi inkati dziko lili pa mtendere. Unalipodi mtendere, wonga wa mbuzi yomangidwa pachikhomo. Pachipata cha msika pankakhala chingwe chopingasa, ndi anyamata a chipani a malaya ofiira. Ankaona khadi la chipanicho, ankaona ngati diresi ikubisa mawondo, ngati buluku latambalala kumiyendo, ngati tsitsi lakula. Tangoganizani: amuna oti anaboola miyala m'dziko la eni, n'kubwera kwawo kudzayezedwa tsitsi ndi anthu osatha kulima mzere woongoka. Ndikayamba kunena izi panyumba, amayi ankanditseka pakamwa ndi dzanja, amati masiku ano ngakhale mphaka amakanena.

Miyezi inapita, tsitsi linakula, losapesa, ndevunso zili nyankhalala. Ndinkalibisa m'chipewa cha bambo, ndipo ndinkadutsa. Chimanga chinalowa m'nkhokwe, chimera chinayanikidwa. Kunatsala sabata imodzi yokha.

Tsiku la msikalo pachingwe panali mkulu wawo watsopano. Ndinkamudziwa bwino. Tinkakhala benchi limodzi kusukulu, ndipo pamaliro a bambo ananyamula nawo bokosi, nyamanso anadya. Ndinamuonetsa khadi. Analiyang'ana, kenako n'kundivula chipewa ndi nsonga ya ndodo.

"Khadi taona," anatero. "Nanga nkhalango iyi? Muli afisi angati m'menemu?"

Anzake anaseka. Ine ndinayankha mwaulemu, ulemu umene sindinaupatsepo ngakhale mphunzitsi.

"Achimwene, mukudziwa inu. Ndi la maliro ili. Kwatsala sabata imodzi."

"Lamulo lilibe maliro."

Ndalingalira za pamenepa zaka zambiri. Ndikhulupirira ankangofuna kuti ndigwade pamaso pa anzake aja. Ndikanagwada, ndikanawomba m'manja, mwina akanandibwezera chipewa n'kunditsitsira chingwe. Koma m'mutu mwanga munachita mdima. Ndinamuuza mokweza, amayi ogulitsa tomato akumva, kuti iwe amene unkakodza pogona mpaka Sitandade 4, lero malaya okha akusandutsa boma.

Anandigwira anthu anayi. Wina anandikhalira pamsana, wina anandipinda khosi, nkhope ili m'fumbi. Anandimeta ndi lumo lobuntha, popanda madzi, popanda sopo, mkulu wawo uja ndiye atagwira lumolo. Msika wonse unkayang'ana kumbali. Sindikuwada anthu aja, inenso ndikanatero. Mwayi wanga unali woti ndinatukwana iye osati chipani, apo ayi bwenzi sindikulemba izi.

Atandisiya, anandidzutsa ndi mwini sitolo wina, Msilamu wachikulire amene ankakonda kugula mpunga wanga. Anandilowetsa kuseri kwa kauntala, n'kunditsuka mabala ndi madzi a mchere. Ndinamufotokozera za mwambo. Iye miyambo imeneyi si yawo, koma anamvetsa. Anatuluka ndi tsache ngati akungosesa pakhomo pake, n'kubwerako ndi kanthu kokulunga m'pepala la shuga.

"Mwanangu, ndatola zimene ndapeza," anati. "Koma pamenepo lero ameta anthu atatu."

Kunyumba amayi ataona mutu wanga anangokhala pansi pamene anaimapo. Ine ndinkafuna kutenga chikwanje kubwerera ku Manjawira. Anandigwira mwendo n'kunena kuti aika kale mwamuna chaka chino, ndisawaonjezere wina.

Tsiku la mmeto linafika. M'mawa tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, amayi, alongo anga awiri, mng'ono wanga ndi ine. Ndinapereka kapepala kaja kwa abambo aang'ono. Anakamasula, n'kusanthula ndi chala. Munali fumbi, mankhusu a mpunga, tsitsi lakuda, ndi imvi. Ine imvi ndinalibe. Ndiye kuti tsiku lija anagwetsanso nkhalamba ya eni pansi.

Anakakulunganso n'kundibwezera. Anati bambo sitingawaperekeze ndi tsitsi la alendo, mzimu ungasokere njira. Anatinso anthu a chipani ali ngati mvula, sukangana nayo, umangobisala, ndipo chimene chinandimeta ndi pakamwa panga. Mawu amenewo anandiwawa kuposa lumo, chifukwa theka lake linali loona.

Ena onse anametedwa, tsitsi likugwa mulu pansalu. Itafika nthawi yanga, lumo linangoyenda pankhanambo. Chimene chinagwa sichikanadzaza ngakhale chikhadabo. Ndicho mwana woyamba anapereka kwa bambo ake.

Masana mowa unatuluka, ndipo anthu anabwera monga mwa masiku onse. Anabweranso anyamata a chipani aja, atatu, malaya awo ofiira ochapa bwino. Pa mowa wa maliro sabweza munthu, ndipo anthu ngati amenewo ukawabweza ndiye kuti wagona kunja kwa mudzi wako. Abambo aang'ono anawapatsa mipando. Amayi, mutu uli mbee, anandiikira chipanda m'manja n'kundinong'oneza kuti mwana wamkulu ndiye amapereka kwa alendo olemekezeka. Ndinayenda, ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri. Kugwada kumene ndinakana pachingwe ndinakagwadira pabwalo la bambo anga. Mkulu wawo uja, yemwe anandimeta, anamwa, n'kupukuta pakamwa, n'kunena kuti malemu anali munthu wabwino.

Kapepala kaja kanakhala m'thumba la jekete la bambo mpaka mvula ina. Tsitsi la munthu silitayidwa poyera, ndipo munali la anthu ena awiri amene mpaka lero sindiwadziwa. Tsiku lina pochokera ku Bwanje ndinaimika njinga pachitunda, ndinakumba ndi mwala pansi pa mtengo wa mthethe, n'kulikwirira lonse pamodzi, langa ndi lawo. Panalibe mowa, panalibe wonena mawu.